Jenerale akhale pati pa msonkhano wa anzake a m'kalasi?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso looneka ngati la asilikali okhaokha, koma mukalifatsira muona kuti likukhudza aliyense amene ali m'gulu la anthu omwe anaphunzira nawo limodzi, kaya ndi la pa WhatsApp, kaya mumakumana pamaso. Funso lake ndi ili: anthu amene anayamba mofanana, kenako moyo n'kuwasiyanitsa, wina pamwamba wina pansi, gulu lawo liziyendetsedwa ndi ndani, ndipo motani? Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, mfuti sindinaigwirepo. Koma ndasankha kuti tikambe za sukulu ya asilikali ya West Point ku America, chifukwa kwa asilikali kusiyana kwa anthu kumalembedwa paphewa, aliyense n'kumakuona. Ifeyo munthu atha kubisa kuti zamuyendera kapena zamuvuta. Msilikali ayi, nyenyezi zimamuulula.

West Point inatsegulidwa mu 1802, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson m'chigawo cha New York. Wolowa kumeneko amakhala zaka zinayi, ndipo onse olowa chaka chimodzi amakhala kalasi imodzi, dzina lake n'kukhala chaka chimene adzamalize. Yunifolomu ndi imodzi, lipenga lowadzutsa ndi limodzi, chakudya chimodzimodzi, chilango chimodzimodzi. Mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana wa boma amathamanga mtunda womwewo. Akamaliza amabalalika, koma kalasi siitha. Imakhala ndi atsogoleri ake, thumba lake la ndalama, mlembi wofalitsa za amene wakwezedwa, wadwala kapena wamwalira, ndipo imakumana pakatha zaka zisanu zilizonse. Pamwamba pa makalasi onsewo pali bungwe lalikulu la onse amene anamaliza pasukulupo, lomwe linayamba mu 1869.

Tengani kalasi ya 1915. Anamaliza anyamata 164, ndipo mwa iwo 59 anadzakhala majenerale, mpaka anthu amaitcha kalasi imene nyenyezi zinaigwera. Awiri anafika pa nyenyezi zisanu: Omar Bradley ndi Dwight Eisenhower. Eisenhower anadzakhalanso pulezidenti wa dziko kuyambira 1953 mpaka 1961. Aliyense amakamba za 59 aja. Ine ndimaganizira za 105 otsalawo, amene nyenyezi sinawagwere. Onsewa anagonapo m'nyumba imodzi, amadziwana amene ankajona, amene ankaopa mahatchi, amene masamu ankamuzunza. Ndiye taganizani akumana patapita zaka 40. Mpando wakutsogolo ndi wa ndani? Bokosi la ndalama asunge ndani? Nanga wina akafuna kufunsa kuti ndalama ya chaka chatha inapita kuti, aimirira bwanji pamaso pa munthu wa nyenyezi zisanu?

Yankho loyamba limene limabwera msanga ndi lakuti wamkulu paudindo ndiye atsogolere. Tisalinyoze, lili ndi mfundo. Jenerale waonetsa kale kuti amatha kuyendetsa anthu masauzande, ndiye anthu zana angamukanike? Dzina lake limatsegula zitseko. Akaimba foni kupempha holo kapena thandizo la mkazi wamasiye, amamuyankha tsiku lomwelo. Ndiponso asilikali anazolowera kumvera. Kuwauza kuti lero kaputeni alamule jenerale kuli ngati kuwauza kuti ayende chadodolido.

Koma taonani pamene pakuvuta. Gulu la kalasi si gulu lankhondo. Lilibe mdani woti limenyane naye, lilibe lamulo lofunika kulitsata pa mphindi imodzi anthu asanafe. Chimene limasunga ndi ndalama za anthu ndi chikumbukiro cha nthawi imene onse anali ofanana. Pa ndalama, chofunika kwambiri ndi chakuti aliyense athe kufunsa mopanda mantha. Tsono m'kalasi yomweyo mumakhala anthu amene adakali pantchito, ndipo kukwezedwa kwa wina kutha kudalira cholembera cha mnzake wa m'kalasi amene anamupitirira. Munthu wotereyu angafunse risiti? Angokhala chete n'kumadandaula kuseri. Ife pamsika timazidziwa bwino: amene amakukongoza katundu wooda sumutsutsa pa msonkhano, ngakhale akulakwa poyera, chifukwa mawa m'mawa udzamufunanso.

Chinanso, makwerero a moyo sakhazikika. Eisenhower anamaliza pa nambala 61, Bradley pa 44. Ulysses Grant anali wa 21 mwa anthu 39 m'kalasi ya 1843, koma mu 1865 ndi amene analandira kugonja kwa Robert E. Lee, yemwe anali wachiwiri m'kalasi ya 1829. Wotsogola lero mawa ali pambuyo. Gulu likamangidwa pa udindo wa lero, nthawi iliyonse wina akakwezedwa kapena kuchotsedwa ntchito liyenera kugwedezeka. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Yankho lachiwiri ndi msinkhu. Amene anayambitsa bungwe lalikulu lija mu 1869 anatenga njira imeneyi. Anagwirizana kuti wamkulu mwa onse omaliza pasukulupo amene ali m'bungwemo ndiye akhale pulezidenti, ndipo mpando unagwera Sylvanus Thayer wa kalasi ya 1808, yemwe anayendetsa sukuluyo kuyambira 1817 mpaka 1833 ndipo amatchedwa tate wake. Pa nthawiyo anali atapitirira zaka 80, ndipo anamwalira mu 1872. Mwina mukuti, aaa, nkhalamba yotero ingayendetse chiyani? Koma kumbukirani nyengo yake. Nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inali itangotha kumene, ndipo anthu a sukulu imodzi anali ataphana okhaokha. Chisankho cha mavoti chikanadzutsa magulu. Msinkhu suchitirwa kampeni, sugulidwa, ndipo palibe amene angati andibera. Anapereka ulemu kwa munthu amene palibe akanamuchitira nsanje, ntchito ya tsiku ndi tsiku n'kuisiya m'manja mwa mlembi, msungichuma ndi komiti.

M'kalasi imodzi njira imeneyi siigwira, poti onse ndi a msinkhu umodzi, ndipo bungwe lalikululo nalonso pambuyo pake linayamba kusankha atsogoleri ake. Koma phunziro lake ndi lothandiza: ulemu ndi ntchito zitha kukhala pa mipando iwiri yosiyana. Jenerale mupatseni mawu otsegulira phwando, aimire kalasi pa mwambo, chithunzi chake chikhale patsogolo pa kabuku. Zimenezo sizipweteka munthu. Buku la ndalama ndi siginecha ya ku banki zikhale kwa munthu amene aliyense atha kumuimbira foni usiku n'kumufunsa popanda kuyamba ndi sawatcha.

Yankho lachitatu silinenedwa poyera koma ndi limene limalamulira magulu ambiri: ndalama. Omaliza ku West Point amayenera kugwira usilikali zaka zosachepera zisanu, kenako ambiri amachoka n'kukalowa bizinesi. Ndiye zimatheka kuti amene anachoka ali kaputeni ndi amene pano ali ndi chuma kuposa jenerale. Makalasi ali ndi mwambo wosonkha mphatso yaikulu yopereka kusukulu yawo akamakumbukira zaka zikuluzikulu, ndipo pa zosonkha zotere sizingalephere kuti ochepa apereke gawo lalikulu. Apa mtima wa munthu umanong'ona kuti, poti ine ndapereka theka, mphatsoyi ikhale imene ndikufuna ine. Ndipo anzake amachita manyazi kukana, poopa kuti angabweze dzanja.

Pa nkhani iyi amayi a banki mkhonde atha kuphunzitsa majenerale. M'banki mkhonde woika masheya ambiri amalandira zambiri pa tsiku logawana, zimenezo n'zachilungamo. Koma pokweza manja, dzanja lake ndi limodzi ngati la mayi wa sheya imodzi. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, losunga wachinayi, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Sikuti amayiwo amaganizirana kuba. Amadziwa kuti munthu wabwino amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala usiku, bokosi lili kuchipinda kwake ndi kiyi yake, akuyesedwa mopitirira muyezo. Maloko atatuwo amamuteteza iye yemwe. Wopereka zambiri m'gulu la kalasi athokozedwe ndi mtima wonse, dzina lake litchulidwe. Koma ngati mphatso yake ikubwera ndi mavoti khumi, ndiye kuti sanapereke, wagula.

Tatsala ndi voti. Makalasi a ku West Point amasankha atsogoleri awo adakali pasukulu: pulezidenti wa kalasi, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma. Ine apa ndi pamene ndikuona nzeru yeniyeni, ndipo nzeruyo ili pa nthawi yake. Amasankha pamene palibe akudziwa kuti ndani adzakhale jenerale, ndani adzalemere, ndani adzavulale pankhondo yoyamba. Munthu wosadziwa kumene adzagwere amapanga malamulo achifundo, chifukwa wosauka wa mawayo atha kukhala iye. Mufunseni mnyamata wa zaka 21 kuti amene walephera kusonkha tizimuchotsa kodi, ayankha kuti ayi, timudikire. Mufunseni yemweyo ali ndi zaka 50, galimoto zitatu pakhomo, mumva zina. Nkhanga zinapangana kusanapse. Malamulo a gulu alembedwe moto usanafike, anthu asanadziwe mbali imene udzawapeze.

Koma voti ya pa unyamata ili ndi msampha wake. Munthu wosankhidwa chifukwa anali wanthabwala kapena katswiri wa mpira ali ndi zaka 21 asakhale pampando mpaka imvi poti palibe amene anaganizapo zolemba tsiku lotsika. Anthu amasintha. Wina mowa umamugwira, wina amasamukira kutali, wina amangotopa koma manyazi osamulola kunena. Kukumana kwa zaka zisanu zilizonse kuja ndi mpata wabwino woti mipando ibwerere kwa eni ake, lipoti la ndalama liwerengedwe, anthu asankhenso. Kumusankhanso yemweyo si vuto. Vuto ndi pamene kufunsa za chisankho kwayamba kumveka ngati kutukwana.

Tsopano tifike pa funso lovuta kuposa la mpando: membala ndi ndani? Pali mwambo wina kumeneko umene umandisangalatsa. Womaliza pa onse m'kalasi amamutcha mbuzi, ndipo pa tsiku lomaliza maphunziro anzake amamusonkhera dola imodzi aliyense, n'kumuombera m'manja kuposa wina aliyense. M'mbiri, omaliza kumchira ena anadzatchuka ndithu, monga George Pickett wa 1846 ndi George Custer wa 1861. Kalasi ikutuluka pachipata, ndalama imene ikusonkha ikupita kwa wakumapeto. Gulu limene layamba chonchi ladziuza lokha chimene lilili.

Nanga amene sanamalize n'komwe? Poti tili m'gulu la zolembalemba, dzina la Edgar Allan Poe mukulidziwa. Analowa West Point mu 1830, ndipo mu 1831 anachotsedwa atazengedwa mlandu wojomba m'kalasi ndi pa ntchito zina, zomwe anachita dala kuti atuluke. Koma anzake anasonkherana ndalama zomuthandiza kusindikiza buku lake la ndakatulo chaka chomwecho, iye n'kulipereka kwa iwo. Sukulu inali itamutaya, anzake sanamutaye. Mu 1976 kunagwa nkhani yaikulu: ophunzira oposa 150 a kalasi ya 1977 anachoka kapena kuchotsedwa chifukwa choonera mayeso a zamagetsi. Lamulo la ulemu la pasukulupo limaletsa kunama, kubera mayeso ndi kuba, ndipo limaletsanso kulekerera mnzako wochita zimenezi. Ambiri mwa iwo analoledwa kubwerera patatha chaka, n'kumaliza ndi kalasi ya 1978. Ndiye mufunse: anthu amenewa ndi a kalasi iti? Ndipo amene sanabwerere, kalasi yawo yoyamba iziwaitana?

Ena mwa inu munena kuti ayi, ndipo ndikukumvani. Amene anakhala usiku wonse akuwerenga, nalemba moona mtima, mwina n'kupeza malikisi ochepa kuposa woonera, ali ndi chifukwa chokwiyira. Mukati onse ndi amodzi, kukhulupirika kwake mwakuyesa chiyani? Ndiponso msilikali wonama amaphetsa anthu. Si nkhani yamasewera.

Maganizo anga ndi akuti sukulu ndi kalasi zili ndi ntchito zosiyana. Sukulu imapereka satifiketi ndi udindo, ndipo ili ndi ufulu wonse wokana wosayenera. Kalasi siinapereke satifiketi kwa aliyense, ndiye ilibe choti ilande. Chimene ili nacho ndi chakuti anthuwa anavutikira limodzi, ndipo zimenezo zinachitika basi, sizingafufutike. Munthu amene anagwidwa ndi chinyengo musamupatse bokosi la ndalama, mpaka patapita zaka zoonetsa kuti anasintha. Koma akadwala mukamuone, akamwalira mukamuike. Kusunga bokosi munthu amachita kukuyenerera. Kuikidwa ndi anzako sikufuna mayeso.

George Cullum wa kalasi ya 1833 anasiya chitsanzo chimene chingatithandize. Iye analemba kaundula wa onse omaliza pasukulupo, aliyense ndi nambala yake, kuyambira Joseph Swift wa 1802 yemwe ndi nambala 1, ndipo manambalawo akupitirira mpaka lero. Cullum anali wa mbali ya boma pa nkhondo ija, ndipo amene anapita kukamenyera mbali yakummwera sanawakomere mtima. Koma mayina awo sanawachotse, manambala awo anawasiya. Anangolemba pansi pa dzina lililonse kuti uyu analowa nawo m'kuukira dziko lake, mbiri yake n'kuidulira pomwepo. Mutha kutsutsana naye pa kuuma mtima, koma njira yake ili ndi zinthu ziwiri zimene magulu athu amalephera kuzigwira pamodzi. Ena timafufuta munthu ngati sanakhaleko. Ena timabisa chimene anachita kuti phwando likome. Cullum anasunga dzina, anasunganso choonadi.

Izi zikutifikitsa pa lamulo limene pafupifupi gulu lililonse lili nalo: ndale ayi. Bungwe la 1869 lija linaletsa zokamba za ndale pa misonkhano yake, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kalasi ya 1846 yokha inatulutsa George McClellan ndi Thomas Jackson, amene anthu amamudziwa kuti Stonewall. Mu September 1862 awiriwa anali mbali zosiyana pa nkhondo ya ku Antietam, tsiku limene linakhetsa magazi ambiri kuposa lina lililonse m'mbiri ya America. Anthu opulumuka zotere kuti adyenso patebulo limodzi, panafunika mpanda wotchinga nkhani zina. Lamulolo linagwira ntchito yake, pang'onopang'ono akummwera ena anayamba kubwera.

Koma funsani kuti ndale zoletsedwazo zinali chiyani. Nkhondoyo gwero lake linali ukapolo. Pamene akuluakulu achizungu ankagwirananso chanza, Henry Flipper, wobadwira muukapolo ku Georgia mu 1856, anali pasukulu yomweyo, anzake osamulankhula kupatula pa za ntchito. Anapirira, n'kukhala munthu wakuda woyamba kumaliza pa West Point mu 1877. Mu 1881 anamuimba mlandu wokhudza ndalama za ntchito ku Fort Davis ku Texas. Khoti la asilikali linapeza kuti sanabe, koma linamuchotsabe ntchito mu 1882 ponena kuti khalidwe lake silinali loyenera ofisala. Anamwalira mu 1940 akumenyerabe dzina lake. Asilikali anakonza mbiri yake mu 1976, ndipo Pulezidenti Bill Clinton anamukhululukira mu 1999. Benjamin Davis Jr. anakumana ndi zomwezo kuyambira 1932 mpaka 1936: zaka zinayi m'chipinda yekha, popanda womuyankhula zocheza, chifukwa cha khungu basi. Anamaliza pa nambala 35 mwa 276, anadzatsogolera oyendetsa ndege akuda a ku Tuskegee pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kukhala jenerale. Mu 2017 sukuluyo inatsegula nyumba yogona ophunzira yotchedwa dzina lake.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ziwirizi n'chakuti amene anachita nkhanzazo sanali mdani wakunja. Anali anzawo, mogwirizana. Kusala munthu pomukhalira chete unali mwambo wa ophunzira eni ake, umene ankagwiritsanso ntchito polanga amene akumuganizira kuti waswa lamulo la ulemu, ndipo unathetsedwa mu 1973. Ndiye amene mukuti voti ndi mankhwala a zonse, imani kaye. Anthu ochuluka atha kugwirizana chinthu choipa, aliyense n'kumadzitonthoza kuti sindine ndekha. Tonse tinaonapo munthu akusalidwa pagulu popanda amene anaimirira kunena kuti tiyeni timusale. Amangosiya kumuyankha. Akalemba uthenga, zii. Akadwala, aliyense akudikira kuti wina ayambe.

N'chifukwa chake ndikuti malamulo a gulu azikhala ndi zinthu zingapo zimene ngakhale mavoti onse sangazichotse. Munthu asaweruzidwe asanamvedwe. Membala aliyense, ngakhale amene ali ndi ngongole ya zosonkha, athe kuona buku la ndalama. Thandizo la matenda ndi maliro likhale lofanana, osati lolemera kwa wotchuka ndi lopepuka kwa wosadziwika. Ndipo lamulo la ndale ayi litanthauziridwe bwinobwino. Kuletsa mikangano ya zipani pagulu la kalasi n'kwanzeru, poti gulu silinapangidwire zimenezo. Koma membala akati gulu lino likundichitira zosayenera, kapena akafunsa kuti chipepeso cha uje chinafika chonse kodi, zimenezo si ndale. Wapampando amene amatseka pakamwa pa wodandaula ponena kuti tisunge mtendere akusunga mtendere wa iye yekha. Mlandu suola, wa Flipper unatenga zaka zoposa 100 koma unabwererabe patebulo.

Mwina wina akuti, mayi inu, zimene mukunenazi ndi zachizungu, ife kwathu wamkulu ndi wamkulu paliponse. Ine ndikuti ayi, makolo athu ankazidziwa kale. Bwana wamkulu wa mu ofesi akafika kumudzi pa nkhani ya chinkhoswe amakhala pansi, malume ake amene alibe ngakhale njinga ndi amene amayankhula. Pamaliro adzukulu akalamula kuti dikirani, ngakhale wobwera pa galimoto yaikulu amadikira. Bwalo lililonse lili ndi makwerero ake, ndipo munthu wolemekezeka ndi amene amadziwa bwalo limene walowa. Jenerale amene amavula nyenyezi pakhomo la msonkhano wa kalasi sanachepe. Ndipotu ndi malo ochepa padziko pamene angapeze anthu omuitana dzina lake la paunyamata n'kumuuza zoona osaopa. Akasandutsa malo amenewo kukhala ofesi ina, woluza woyamba ndi iye.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa gulu la kalasi ndi magulu ena onse, ndipo ndi chimene chiyenera kulamulira kayendetsedwe kake. Mpingo umabatiza atsopano. Komiti ya pamsika, wina akachoka benchi lake limapeza mwini wina. Kalasi siibereka. Tsiku lomaliza sukulu ndi tsiku limene ili yochuluka kuposa masiku onse, kuchokera pamenepo imangochepa. Wa 1915 akachoka chifukwa chokhumudwa, palibe kumene mungakaode wina wa 1915. Ndiye mtsogoleri amene wapambana mkangano koma anthu atatu atuluka, wawononga katundu amene sabwezeretsedwa. Ife ogulitsa tomato timadziwa kuwerengera zoola, koma timadziwanso kuti mawa kubwera dengu lina. Apa dengu ndi lomwelo mpaka kutha.

Anthu a ku West Point zimenezi amazikonzekera. Womwalira amalemberedwa nkhani ya moyo wake ndi abale kapena anzake a m'kalasi, bungwe lalikulu n'kuisindikiza, kaya anali jenerale kaya anachoka ali lefutenanti. Mwambo wa mphete ya kalasi unayambira komweko mu 1835, ndipo kuyambira mu 2000 mabanja ena amapereka mphete za omwe anatsogola kuti zisungunulidwe, golide wake n'kusakanizidwa mu mphete za kalasi yatsopano. Kalasi imene inamaliza zaka 50 m'mbuyo imalumikizidwanso ndi kalasi ya achinyamata kuti iziiperekeza. Gulu lodziwa kuti lidzatha limafunsa mafunso amene ife timawaopa. Akazi ndi amuna amasiye a anzathu ali ndi malo pakati pathu kodi, kapena ubale umathera kumanda? Tikadzatsala asanu, okalamba, ndalama ya m'thumba idzapita kuti, ndipo adzasaine ndani? Mafunso amenewa ayankhidwe anthu adakali ambiri ndi amphamvu, chifukwa akasiyidwa adzayankhidwa ndi amene kiyi yamutsalira m'manja.

Ndiye jenerale akhale pati? Akhale pamene wapeza mpando, pafupi ndi mbuzi ya kalasi ngati mpata uli pamenepo. Asonkhe chimodzimodzi ndi anzake, ndipo akafuna kuwonjezera awonjezere popanda kugula nacho mawu. Anzake akamusankha kukhala wapampando, alandire, koma adziwe kuti nthawi yake ili ndi polekezera ndipo malisiti adzafunsidwa ndi munthu amene kuntchito akanamuchitira sawatcha. Akapanda kusankhidwa, akweze dzanja limodzi ngati wina aliyense.

Inu amene muli m'magulu a omwe munalemba nawo Fomu 4, kapena a intake imodzi kuntchito, kayang'aneni zinthu zitatu sabata ino. Atsogoleri anu anasankhidwa liti komaliza? Ndani anaonapo buku la ndalama ndi maso ake, kupatula olisunga? Ndipo pa mndandanda wa mayina a m'kalasi mwanu, ndani amene papita zaka palibe wamuimbira, poti alibe foni ya WhatsApp kapena poti anachita manyazi atalephera kusonkha? Ameneyo mufuneni nambala yake isanafike ndi uthenga wa maliro. Amene mukuona mosiyana ndi ine, makamaka inu amene munadutsa ku usilikali, bwalo ndi lanu.